Otola zinyalala akanyanyala ntchito, tichite nazo chiyani zinyalala za pakhomo?

Mayi wina wa mumzinda wa Blantyre, yemwe amakhala mumpanda wa mabanja anayi ochita lendi, wafunsa motere: "Galimoto yotola zinyalala yasiya kubwera kwathu, ndipo tikumva kuti ogwira ntchito anyanyala chifukwa cha nkhani ya malipiro. Mabini adzaza, mphutsi zayamba kuyenda pakhonde pomwe ana athu amasewera. Anzathu ena akuti tingoziwotcha, ena akupatsa anyamata a mawilibala kuti akataye. Chabwino n'chiti? Nanga eni nyumba apitirize kulipira msonkho wa kukhonsolo pamene ntchito yaima?"

Mayi, pa njira ziwiri zimene anzanuwo akunena, palibe imene ndingakulimbikitseni kuti muitsate mmene ikuchitikiramo. Chimene ndikukupemphani kuti muyambe lero lomwe ndi kusiya kuthira zinyalala zonse m'bini imodzi. Kaya galimoto yaima chifukwa cha sitalaka, kaya yawonongeka, kaya mafuta asowa, banja limene lalekanitsa zowola ndi zouma limatha kudikira masabata angapo popanda fungo kapena matenda, pamene banja limene lasakaniza zonse limakhala litathedwa nzeru sabata isanathe.

Tayang'anani m'bini yanuyo. Mupezamo nsima yotsala ya dzulo, makoko a nthochi ndi a mbatata, mapesi a mpiru, mamba ndi matumbo a nsomba, phulusa la m'mbaula, majumbo, mabotolo a pulasitiki, zitini, ndipo ngati mumpandamo muli khanda, matewera. Mwa zonsezi, jumbo ndi botolo sizinunkha ndipo siziitana ntchentche, koma zikakhudzana ndi msuzi wa ndiwo ndi madzi otuluka m'zowola, nazo zimasanduka zonyansa, ndipo mulu wonse umafunika kuchotsedwa mwamsanga. Ntchentche ikaikira mazira pa chakudya chowola, mazirawo amaswa tsiku limodzi lisanathe, ndipo m'nyengo yotentha monga ya Okutobala ndi Novembala mphutsi zimasanduka ntchentche zouluka pakangotha masiku 7 mpaka 10. N'chifukwa chake m'mizinda yambiri zinyalala za m'makomo zimatoledwa kamodzi kapena kawiri pa sabata, kuti zichoke ntchentche zatsopano zisanauluke. Mphutsi zimene mukuziona zikuyenda pakhondezo ndi zokhwima kale, zikufunafuna malo ouma oti zibisale mpaka zitamera mapiko. Zithireni madzi owira, muzisese, mukazikwirire.

Zowola ndizo zimachuluka m'makomo mwathu, ndipo mwayi wake ndi wakuti ndizonso zimene mungathane nazo nokha popanda galimoto. Ngati mumpanda mwanu muli malo, pemphani chilolezo kwa eni nyumba mukumbe dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi, kutali ndi khitchini ndi ngalande, ndipo ngati pafupi pali chitsime, litalikirane nacho mamita osachepera 30. Chinsinsi cha dzenje lotere ndi kukwirira tsiku lililonse. Mukathira zowola madzulo, fotserani ndi dothi lokwana kuti pasaoneke kanthu, chifukwa dzala losakwirira ndi bini yomwe ija, kungoti yakhala pansi. Matumbo a nsomba ndi a nkhuku akwirireni mozama kuposa zina, apo ayi agalu ndi makoswe afukula usiku womwewo.

Ndikudziwa kuti m'madera ambiri a mzinda uno, makamaka m'mbali mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe, munthu akangokumba pang'ono amagunda thanthwe, ndipo m'mipanda ina pansi ponse ndi pa simenti. Pamenepo gwiritsani ntchito chidebe chachikulu chakale kapena dilamu lobowola timabowo m'mbali ndi pansi kuti mpweya uzilowa. Pansi muyale masamba ouma kapena makatoni ong'ambang'amba, pamwamba pake muthire makoko ndi zotsala za ndiwo zamasamba, kenako mufundike ndi zouma zina. Utuchi wa kwa akalipentala ndi wabwino kwambiri pa ntchito imeneyi, ndipo ambiri amaupereka ulere kapena pa mtengo wochepa. Phulusa muzithira lochepa chabe, ndipo likhale lozizira. Mukamva fungo lowawasa, dziwani kuti chinyezi chachuluka, ndiye onjezerani zouma ndi kutembenuza ndi mtengo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumakhala mwapeza manyowa akuda onunkhira dothi, amene masiku ano a feteleza wokwera mtengo sasowa wowafuna. Ngati pali mnansi woweta nkhuku kapena nkhumba, nsima yotsala ndi masamba mungathe kum'patsa tsiku lomwelo zisanasase, koma nkhumba musazipatse chilichonse chimene chakhudzana ndi nyama ya nkhumba, chifukwa imeneyo ndi imodzi mwa njira zimene matenda a chigodola amafalikira m'makola.

Pa matewera ndichedwapo, chifukwa pa zinyalala zonse za pakhomo ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti chimbudzi cha mwana wakhanda chilibe vuto, koma chili ndi tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba mofanana ndi cha munthu wamkulu. Thewera likangotayidwa m'bini yosatseka, galu amalikoka n'kuling'amba pabwalo, ntchentche zimaterapo n'kukatera pa mbale ya phala, ndipo mvula ikagwa zotsalazo zimakokolokera m'ngalande mpaka kumtsinje. Choncho chimbudzicho muzichipalira m'chimbudzi cha akuluakulu, ndipo thewera lenilenilo mulipinde, mulimange zolimba m'jumbo, muliike m'chidebe chakechake chokhala ndi chivundikiro chothina, pamthunzi, pomwe mwana sangafikire. Musaliponye m'chimbudzi chokumba, chifukwa pulasitiki yake siwola, dzenje limadzaza msanga ndipo opopa zimbudzi amalephera kulipopa. M'chimbudzi chamadzi ndiye musayese n'komwe, litseka mapaipi a mpanda wonse. Ngati madzi ndi sopo zilipo, ndikulangiza amayi kuti pa nthawi ngati imeneyi abwerere ku matewera ansalu masana, kuti otaya aja azigwira ntchito usiku wokha.

Sindikunena izi pofuna kukuopsani. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Marichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha mliriwo. Matenda a taifodi nawo akhala akuvuta mumzinda uno kwa zaka zambiri, mwakuti kafukufuku wa katemera wake anachitikira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Matenda awiriwa sabadwa m'makoko a nthochi kapena m'majumbo ayi, amachokera m'chimbudzi cha munthu chimene chafika m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Ntchito ya mulu wa zinyalala pa nkhaniyi ndi kuswetsa ntchentche zonyamula tizilomboto ndi kutseka ngalande kuti madzi oipa asefukire m'makomo ndi m'zitsime zosatetezedwa. Pa masiku amenewa chakudya chizikhala chovundikira, ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye, ndipo madzi akumwa amene simukuwakhulupirira muziwawiritsa kapena kuwathira klorini motsata malangizo a pa botolo kapena a alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, m'patseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo mupite naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Zouma sizifuna nzeru zambiri. Mabotolo ndi zitini muzitsuke ndi madzi otsala potsuka mbale, muziphwanye kuti zichepe, muziike m'matumba a feteleza n'kumanga kukamwa, ndipo muzisunge pansi pa denga kuti zisasunge madzi a mvula oswetsa udzudzu. Zitsulo ndi mabotolo ena zili ndi ozigula amene amayenda m'makwalala. Magalasi osweka, malezala ndi majakisoni a odwala shuga muziike m'botolo lolimba lotseka bwino, ndipo majakisoniwo mukafunse kuchipatala chapafupi mmene angawalandirire.

Tsopano za kuwotcha. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amathamangira machesi, popeza mulu umachepa pamaso pomwepo ndipo fungo limaoneka ngati latha. Koma moto wa pakhomo sutentha mokwanira kuti unyeketse pulasitiki mpaka kutheratu. Umangofuka utsi wakuda kwa maola ambiri, makamaka zinyalala zikakhala zonyowa, ndipo mu utsiwo muli tinthu ting'onoting'ono tolowa mkati mwenimweni mwa mapapo komanso poizoni wa mtundu wa dioxin, amene amatsalira m'phulusa ndi m'dothi n'kulowa m'mazira a nkhuku zotolatola pamenepo. M'mipanda yathu, momwe zenera la mnzako lili pafupi ndi khomo lako, amene amapuma utsiwo ndi khanda logona m'chipinda, agogo a chifuwa ndi mwana wa mphumu. Zitini za mankhwala opopera udzudzu ndi za mafuta onunkhira zimaphulika zikatenthedwa, mabatire amatulutsa zitsulo zapoizoni, ndipo thewera lonyowa silipsa n'komwe, limangopserera kunja chimbudzi chili chikhalire mkati. M'chilimwe, kamphepo kakangowomba, moto womwewo umakwera mpanda waudzu. Choncho yankho langa pa kuwotcha ndi lakuti ayi. Njira yochepetsera majumbo ndi kusawalandira. Malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) anakhazikitsidwa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linawavomereza mu 2019, koma ngakhale milandu ya nkhaniyi yakhala ikubwerezedwa m'makhoti, palibe chimene chimaletsa mayi kupita kumsika wa Limbe kapena wa Ndirande ndi dengu kapena chikwama chake chansalu.

Anyamata a mawilibala sindikuwanyoza, chifukwa akufuna ganyu yoti adyere ndipo akugwira ntchito imene ambiri a ife timaikana. Funso limene muyenera kuwafunsa ndi limodzi, lakuti akukataya kuti. Mtaya wa mzinda uno uli ku Mzedi, kupitirira Limbe m'njira yopita ku Zomba, ndipo palibe munthu amene angakankhe wilibala kuchokera ku Chilomoni, ku Chirimba kapena ku Zingwangwa mpaka kumeneko pa ndalama imene mumam'patsa. Zinyalalazo zimathera pansi pa mlatho, pa malo opanda mwini, kapena mu Mudi, Naperi ndi Nasolo. Blantyre ndi mzinda wa zitunda ndi zigwa, ndipo chimene chatayidwa kumtunda mvula yoyamba imachitsitsira kwa okhala kumunsi. Namondwe wa Freddy atafika mu Marichi 2023, si zinyalala zimene zinagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, koma tonse amene timakhala mumzinda uno timadziwa mmene madzi amasefukirira mumsewu ndi m'nyumba pamene paipi ya pansi pa msewu yatsekeka ndi majumbo ndi mabotolo, ngakhale pa mvula wamba. Kumunsi kwa mitsinje yomweyi kuli amayi ochapa, ana osambira ndi madimba amene masamba ake amabwereranso m'misika yathu. Mukalipira munthu kuti akataye mumtsinje, vuto lachoka pakhomo panu n'kukafika pa khomo la munthu wosauka kuposa inu.

Ngati matumba a zouma ndi chidebe cha matewera zachuluka, njira yolongosoka ndi yakuti mabanja anayi inu, pamodzi ndi mipanda yoyandikana nanu, musonkherane ndalama n'kuitana kampani yotola zinyalala yokhala ndi chilolezo cha khonsolo, imene ili ndi galimoto yofika ku Mzedi. Pemphani kuona chilolezocho musanalipire. Anyamata a mawilibala aja angathe kupeza ganyu yawo posonkhanitsa matumbawo pamalo amodzi pa tsiku limene galimotoyo ikubwera. Mabini akuluakulu achitsulo a m'misika, akakhala kuti adzaza kale, musakaunjikepo zanu, chifukwa pafupi pomwepo pali ogulitsa tomato, nsomba ndi zitumbuwa zimene inu nomwe mudzagula.

Za sitalaka yeniyeniyo, ndikupemphani kuti mkwiyo wanu usagwere anthu okwera kumbuyo kwa galimoto aja. Iwo amanyamula mabini olemera okhala ndi magalasi osweka ndi matewera athu, dzuwa ndi mvula, ndipo ali m'gulu la olandira malipiro otsika. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa wogwira ntchito aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera, wogwira ntchito pamalo otetezeka, wolowa m'bungwe la ogwira ntchito ndiponso wonyanyala ntchito. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limaika ndondomeko yake, yakuti mkangano uyambe watulidwa ku unduna wa zantchito kuti mbali ziwirizo ziyanjanitsidwe, ndipo zikalephereka ogwira ntchito apereke chidziwitso cha masiku 7 asanaime. Kuyambira pamene lamuloli linasinthidwa mu 2021, wonyanyala ntchito amalipidwa masiku atatu okha a sitalaka pa chaka, otsalawo bwana ali ndi mphamvu yodula. Munthu wa malipiro ochepa akalolera kudulidwa motero, kawirikawiri amakhala atadandaula kwa nthawi yaitali osamvedwa. Chidziwitso cha masiku 7 chija chikutanthauzanso kuti sitalaka yotsata lamulo siidzidzimutsa akuluakulu a khonsolo iliyonse, chifukwa amakhala ndi masiku okwanira oti achenjeze anthu pa wailesi ndi kukonza njira zogwirizira.

Lamulo lomweli limaletsa sitalaka pa ntchito zimene zikaima moyo, thanzi kapena chitetezo cha anthu chimakhala pachiswe. Maganizo anga ndi akuti kutola zinyalala kukaima masiku awiri kapena atatu sikuika moyo pachiswe, koma kukaima masabata angapo m'dzinja kumafika pamenepo. N'chifukwa chake ndimaona kuti khonsolo ndi bungwe la ogwira ntchito ziyenera kugwirizana nthawi ya mtendere, mkangano usanabuke, kuti ngakhale pa sitalaka galimoto zochepa zizichotsabe zinyalala m'misika, m'zipatala ndi m'sukulu. Pangano lotere silichotsera ogwira ntchito mphamvu, chifukwa m'makomo ndi m'misewu kusowa kwawo kumaonekabe.

Pa funso lanu lomaliza, eni nyumba apitirize kulipira. Msonkho wa malo, umene ambiri timautchula kuti ma city rates, umalipidwa ndi mwini nyumba malinga ndi mtengo wa nyumba ndi malo ake pansi pa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ndipo si malipiro a galimoto ya zinyalala yokha, umathandizanso pa misewu ya m'mizinda, ngalande, magetsi a mumsewu ndi ozimitsa moto. Wosiya kulipira ngongole yake imangokula, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yoitolera kudzera kukhoti. Komanso ngati mkangano uli wa malipiro, kuchepetsa ndalama zolowa kukhonsolo kungangotalikitsa sitalakayo. Inu ochita lendi musadule ndalama ya lendi pa chifukwa chimenechi, popeza eni nyumba si amene aimitsa galimoto. Zimasiyana ngati mumalipira kampani yapadera mwezi ndi mwezi kuti izitola zinyalala, pamenepo muli ndi ufulu wokana kulipira ntchito imene sinagwiridwe.

Wolipira msonkho ali ndi ufulu wofunsa, ndipo kufunsa kwa anthu ambiri kolembedwa papepala kumamveka kuposa madandaulo a pa Facebook. Kudzera kwa amfumu a buloko yanu, lembani kalata kwa khansala wa dera lanu ndi kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo ku Civic Centre, anthu asayine, ndipo musunge kope lodindidwa tsiku limene yalandiridwa. M'kalatamo musangodandaula, pemphani zinthu zotheka kuyankha: malo ogwirizira oti anthu azisiyapo zinyalala zomanga m'matumba, tsiku limene zidzachotsedwe, ndi mayina a makampani ovomerezeka amene anthu angawaitane. Dziwitsaninso alangizi a zaumoyo a pachipatala chaching'ono cha kwanu za mulu uliwonse umene uli pafupi ndi mjigo, chitsime kapena sukulu. Ngati kalata yanu sikuyankhidwa kwa nthawi yaitali, ofesi ya Ombudsman inakhazikitsidwa kuti izimva madandaulo a anthu pa maofesi a boma.

Pali chinthu china chimene sindingachisiye. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera othithikana, monga mkati mwa Mbayani ndi Ndirande, momwe tinjira take galimoto yaikulu singadutse. Zimene inu mukuziona pa masiku a sitalakawa, mabanja amenewo amakhala nazo chaka chonse. Choncho mukamalemba kalata ija, ndikupemphani kuti muikemonso mawu opempha mabini akuluakulu okhuthulidwa pa nthawi yake m'madera oterowo, chifukwa ntchentche ndi madzi a m'ngalande zochokera kumeneko sizidziwa malire a mawadi.

Sitalaka ikatha musayembekezere kuti galimoto ifika kwanu mawa lake. Zinyalala zounjikana kwa masabata zimatenga nthawi kuti zichotsedwe ngakhale m'mizinda yolemera. Ku Birmingham, m'dziko la England, otola zinyalala atanyanyala ntchito mu Marichi 2025, matani pafupifupi 17,000 anaunjikana m'misewu mwezi usanathe, mwakuti khonsolo ya kumeneko inalengeza kuti zinthu zafika pa ngozi. Kuno n'zachidziwikire kuti ayambira m'misika ndi m'misewu ikuluikulu, ndiye musatulutsire matumba anu kumsewu musanamve tsiku la dera lanu, chifukwa agalu awang'amba usiku. Galimoto ikafika, perekani chidebe cha matewera poyamba, zouma zibwere pambuyo ngati malo alipo, ndipo botolo la magalasi ndi malezala muwapatse otola zinyalalawo m'manja n'kuwauza chimene chili mkatimo kuti asadzicheke. Akachoka, tsukani bini ndi sopo ndi madzi a klorini, muiyanike padzuwa chozondotsa, ndipo dothi la pamalo pamene inakhala mulipale n'kukalikwirira m'dzenje lija, popeza mphutsi zambiri zimakhala zitabisala m'menemo.